Nthenga za nkhuku za Gogo Mahlangu

Maburu atagonjetsa Andebele a Ndzundza m'chaka cha 1883, anawalanda dziko nawamwaza m'mafamu kuti akagwire ntchito mokakamizidwa. Kumeneko, amene anasunga dzina la mtunduwo anali amayi. Ankajambula mizere pa makoma a nyumba zawo, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pakhomopo pamagona Mndebele.

Gogo Esther Mahlangu, amene anabadwa mu 1935 kufupi ndi Middelburg ku South Africa, analandira lusoli kwa mayi awo ndi agogo awo ali ndi zaka 10. Anazolowera kujambula ndi nthenga za nkhuku, popanda rula, koma mizere yake yowongoka bwinobwino. Mu 1989 anaitanidwa ku Paris, ndipo mu 1991 anakhala mayi woyamba kukongoletsa galimoto ya BMW Art Car.

Pa ntchito yanga yothandiza mabanja ndimakumana ndi atsikana athu obadwira kunja kuno amene amachita manyazi mayi awo akafika kusukulu atavala chitenje. Sindiwadzudzula ayi, chifukwa kusekedwa kumawawa. Ndimangowaonetsa chithunzi cha gogoyu ataima pambali pa galimoto ija, atafunda bulangete lachindebele, mphete zamkuwa zili mbuu m'khosi.