Chokoleti chotsika mtengo: musaode ndi lilime lanu

Sitolo zikuluzikulu zikatsitsa mtengo wa chokoleti, a geni ambiri amathamangira mtundu umene watsika kwambiri, kapena umene iwo eni amaukonda. Njira zonse ziwirizi zimadya mpamba. Sitolo sitsitsa mtengo chifukwa cha chifundo. Imatsitsa chifukwa katundu wakhalitsa pa shelefu kapena tsiku lake layandikira. Mtundu umene watsika kwambiri nthawi zambiri ndi umene anthu akhala akuulambalala, ndipo mukausamutsira pa benchi yanu sausintha khalidwe.

Titenge Cadbury Dairy Milk, chokoleti chomwe chimabwera kuno kuchokera ku South Africa. Dzina ndi limodzi, pepala ndi lofiirira lomwelo, koma mitundu ndi yambiri: chopanda kanthu mkati, Whole Nut, Fruit & Nut, Top Deck, Mint Crisp, Rum & Raisin. Kulawa kokha, ine ndimaika Whole Nut patsogolo, chifukwa mtedza umachepetsa kutsekemera ndipo mkamwa mumakhala chotafuna. Koma pa geni, malo oyamba ndi a chopanda kanthu chija. Mwana amachidziwa, agogo amachidya opanda vuto la mano, ndipo bambo wogulira mkazi wake mphatso saopa kuti chikakanidwa.

Whole Nut ndi Fruit & Nut zimayenda ndithu, makamaka pafupi ndi maofesi ndi pa sukulu za ukachenjede. Vuto lake ndi mtedza womwewo. Mtedza uli ndi mafuta, ndipo mafuta akakhalitsa pamalo otentha amayamba kamfungo ndi kuwawa, monga amachitira mtedza wokazinga wogonera masabata m'pepala. Choncho pa mitundu yonse, iyi ndi imene muyenera kuyang'anitsitsa deti lake. Ngati latsala ndi mwezi umodzi, tengani zochepa zoti zithe sabata ziwiri.

Mint Crisp ndiye msampha weniweni. Ili ndi okonda ake, koma kwa kasitomala amene sanazolowere, kakomedwe kake kamamukumbutsa mankhwala otsukira mano. Akagula kamodzi sabweranso, ndipo mwina amakaikira kuti mwamugulitsa chowonongeka. Rum & Raisin imagwa ndi dzina. Wogula wa Chisilamu ku Mangochi kapena mayi wa mvano akangoona mawu akuti rum, nkhani yathera pomwepo. Simudzakhala ndi nthawi yofotokoza za mkati mwake minibasi ikuliza hutala. Mitundu iwiriyi, ngakhale atsitse ndi theka, musatenge katoni pokhapokha pali kasitomala amene anakuitanitsani.

Top Deck imakopa maso, choyera pamwamba, chakuda pansi, ndipo ana amaikonda. Koma chokoleti choyera chimafewa msanga kuposa chinzake.

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu kuposa kakomedwe. Mafuta a koko amasungunuka kutentha kukafika madigiri pafupifupi 34, n'chifukwa chake chokoleti chimasungunuka mkamwa. Chimayamba kufewa kutentha kusanafike pamenepo. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40, ndipo pansi pa malata a okala ku Lilongwe sikusiyana kwenikweni. Tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, limene anthu amafuna timphatso, limagwera pakati pa ng'anjo yomweyi. Chokoleti chikasungunuka n'kuumanso chimachita mbuu pamwamba. Si nkhungu ayi, ndi mafuta amene atuluka, ndipo munthu angadye osadwala. Koma kauzeni kasitomala amene wang'amba pepala pamaso panu; adzafuna ndalama yake. Amene muli ndi furiji, kumbukirani kuti magetsi akamazimazima, chokoleti chimafewa ndi kuuma mobwerezabwereza, ndipo mbuu uja amabwera msanga. Bokosi losunga zozizira, loikidwa pamthunzi, chokoleti chili m'pulasitiki kuti chisanyowe, limathandiza kuposa furiji yosadalirika. Miyezi ya Juni ndi Julaye ndiye yake ya geni imeneyi.

Tsopano masamu. Tiyerekeze kuti mwaoda mipukutu 24, uliwonse pa K3,000, ndipo mukugulitsa pa K3,600. Mpamba ndi K72,000, phindu lonse ndi K14,400. Ikangotsala inayi yokha, kaya yasungunuka kaya deti lapitirira, mwatolera K72,000 yomwe munalowetsa ija, thiransipoti ndi chiphaso cha msika zili pambali. Ikatsala isanu, mwayamba kudya mpamba. Mtundu wosayenda umene munaugula motchipa ukhoza kumeza phindu la mtundu woyenda.

Yang'aninso kulemera kwake. Pali cha magalamu 80 ndi cha magalamu 150, ndipo pa shelefu kusiyana kwake sikuoneka bwino munthu akamafulumira. Gawani mtengo ndi magalamu musananyamule. Komabe pa benchi chaching'ono ndicho chimayenda, poti chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja anakwera ndipo anthu amagula malinga ndi ndalama imene ili m'thumba, osati magalamu.

Za deti, pa pepala pamalembedwa best before. Tsikulo likadutsa, chokoleti sichisanduka poizoni m'mawa mwake, koma si choika pa benchi. A Malawi Bureau of Standards akamayendera malonda amalanda katundu wopitirira deti, ndipo sadzamva zoti munagula pa mtengo wotsika. Musadalire deti la mpukutu wapamwamba wokha. M'katoni imodzi yotsegula mukhoza kupezeka madeti awiri kapena atatu.

Ngati muli ndi ndalama ya mipukutu 20, ine ndingagawe motere: 12 yopanda kanthu, 5 ya mtedza, 3 ya Top Deck, ndipo ya Top Deck iyo ngati kuli kozizira basi. Lembani m'kope tsiku limene mtundu uliwonse watha, kuti pa oda yotsatira mudzatsate kopelo.