Musanapope injini, afunseni kaye matayala

Mukalowa m'magulu a Facebook ndi WhatsApp a achinyamata okonda magalimoto, funso lomwe limaponyedwa koyamba limakhala limodzi: "Ikutulutsa horsepower zingati?" Wina akaonetsa Altezza yake itaikidwa turbo, kapena Subaru yolira ngati mphambe, ndemanga zimagwa ngati mvula. Koma wofunsa kuti galimotoyo ikuima pamtunda wotalika bwanji, kapena ikumamvera bwanji pakona, simumupeza. Ine ndikuti funso lachiwirili ndi lomwe limasiyanitsa galimoto yokonzedwa bwino ndi bokosi la maliro lothamanga.

Sindikudana ndi zosintha magalimoto ayi. Munthu wavutikira ndalama zake, waitanitsa galimoto ku Japan, waidikira idutse padoko la Dar es Salaam mpaka ilowe pa Songwe, walipira msonkho wake, ndiye ali ndi ufulu woikongoletsa n'kuipatsa moto. Chomwe chimandidandaulitsa ndi dongosolo lomwe ambiri timatsata. Timayambira ku injini, ekizozi ndi marimu, ndipo ndalama zikatha, mabuleki ndi mashoki timangoti tidzaziona mwezi wamawa.

Taganizirani izi. Galimoto yonse, kaya ndi yamphamvu bwanji, imagunda msewu pamalo anayi okha, ndipo malo aliwonse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha dzanja lanu. Kunyamuka, kukhota ndi kuima, zonsezi zimadutsa pazikhatho zinayizo. Injini ikatumiza mphamvu yoposa yomwe tayala lingathe kugwira nayo phula, yotsalayo imangosanduka utsi ndi phokoso. Pa galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, chiwongolero chimayamba kulimbana nanu ndipo pakona mphuno imakana kulowa, imangofuna kupita patsogolo. Pa yokankha ndi akumbuyo, monga Altezza, Mark X kapena BMW, ndi kumbuyo komwe kumathawa, makamaka mvula ikangowaza pang'ono.

Masamu ake ndi a ku sekondale ndithu. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Kutanthauza kuti kuima kuchokera pa 120 kumafuna msewu wotalika kanayi poyerekeza ndi kuima kuchokera pa 60. Ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi yokha, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Tsono ikani masamu amenewa pa M1, pomwe mbuzi, ngolo, a kabaza ndi ana ochokera kusukulu onse amagawana nanu msewu womwewo.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri opanga magalimoto amasewera anazindikira izi kalekale. Mazda MX-5 yoyamba, yomwe inatuluka mu 1989, inali ndi injini ya malita 1.6 yotulutsa mphamvu ya horsepower pafupifupi 115 basi, ndipo kulemera kwake sikunkafika tani imodzi. Mark X yomwe ena amapitira nayo kuntchito kuno ili ndi zoposa 200. Komatu ndi MX-5 yomwe inatchuka padziko lonse ngati galimoto yokoma kuyendetsa, moti pofika 2016 Mazda inali itapanga zokwana 1 miliyoni. Nayo Toyota 86, yomwe inatuluka mu 2012 mogwirizana ndi Subaru, inapatsidwa horsepower 200 zokha. Anthu ambiri anadandaula kuti ndi zochepa, koma Toyota inakhala zaka zambiri osaiikira turbo, chifukwa cholinga chinali galimoto yopepuka, yotsika bwino, yomuuza dalaivala zomwe matayala akuchita. Makampani okhala ndi mainjiniya mazanamazana komanso misewu yawoyawo yoyeserapo amawerengera chilichonse pamodzi. Nanga ife tikamasintha chinthu chimodzi pansi pa mtengo wa mango, n'kusiya zina zonse momwe zinalili, tikuyembekezera chiyani?

Altezza RS200 yagiya yamanja inachoka ku fakitale ndi horsepower 210, ndipo mabuleki, kilatchi ndi ladiyeta yake zinayesedwa molingana ndi mphamvu imeneyo. Kupanga Altezza kunatha mu 2005, choncho iliyonse yomwe mukuiona mumsewu lero ili ndi zaka zosachepera 20 kapena kuyandikira pamenepo. Mabushi ake anauma, mashoki anatopa. Kuika turbo pa galimoto yotere osakhudza zapansi kuli ngati kumutumiza agogo mpikisano wothamanga chifukwa choti mwawagulira nsapato zatsopano.

Ndiye tiyambire pati? Matayala. Pambali pa tayala lililonse pamakhala manambala anayi osonyeza pomwe linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likakalamba limauma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, ndipo la kaunjika simudziwa komwe lakhala. Magalimoto ena amabweranso kuchokera ku Japan atavala matayala a nyengo ya chipale, omwe labala wake ndi wofewa ndipo sanapangidwire phula lotentha la mu Okutobala. Eni ake amangoona mizere yokongola n'kumayenda nawo mpaka atatheratu.

Kenako mabuleki. Anthu amathamangira kupaka makalipa penti yofiira, koma mafuta a mabuleki sanawasinthepo chigulireni galimoto. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi. A DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma akamwa madzi amawira msanga kwambiri, ndipo akawira, buleki imangolowa pansi ngati mwaponda siponji. Aliyense amene anatsikapo Chikwawa kuchokera ku Blantyre kapena msewu wa Golomoti akudziwa momwe zitunda zimenezi zimatenthetsera mabuleki. Mapadi abwino ndi mafuta atsopano mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa turbo.

Chachitatu ndi mashoki, mabushi ndi alayimenti. Apa ndi pomwe pali chizolowezi chomwe ndimadana nacho kwambiri: kudula masipuling'i ndi galayinda kuti galimoto itsike. Pachithunzi imaoneka bwino, zoona. Koma sipuling'i yodulidwa imasiya shoki ilibe malo ogwirira ntchito, ndiye tayala likagunda kabampu limadumpha m'malo mokakamira pansi. Tayala lomwe lili m'malere silikhota, siliima. Onjezerani marimu akuluakulu olemera ndi matayala opyapyala, kenako kumanani ndi dzenje usiku pambuyo pa mvula ya mu Febuluwale. Galimoto yomwe imakwera hampu chammbali ngati nkhanu siinakonzedwe kuti ithamange, yangokonzedwa kuti ijambulidwe.

Zimenezi zikatheka, m'pomwe nkhani ya injini ingayambike, ndipo nayonso ili ndi mafunso ake. Kodi ladiyeta ikwanitsa kuziziritsa? Kilatchi ipirira? Petulo wake ndi uti? Injini zambiri zamasewera za ku Japan zinapangidwira petulo wa okiteni wapamwamba wa kwawoko, pomwe ife pampope timangothira yemwe tamupeza. Kukopera pulogalamu ya kompyuta ya injini pa intaneti, yomwe wina anaikonzera petulo wina ndi nyengo ina, ndi njira yachidule yobowolera pisitoni. Ndipo tinene chilungamo, ekizozi yosokosa payokha simawonjezera mphamvu yoti n'kuimva. Imangodzutsa makanda a eni ake ku Chilomoni ndi ku Area 25.

Ndikudziwa ena ayankha kuti mphamvu nayo imapulumutsa, makamaka popitirira thiraki yayitali pamsewu wopapatiza. Pamenepo ndikuvomera. Galimoto yofooka imakusiya nthawi yaitali kumbali ya anzako obwera. Koma mukamaliza kupitirira, muyenera kubwerera kumanzere ndi liwiro lalikulu kuposa lomwe munali nalo, mwina kona ili pafupi. Apo ntchito yabwerera kwa matayala ndi mashoki omwe aja. Ena amatchula za ma gusheshe a ku Soweto, ma BMW 325i omwe amazungulira mpaka utsi tolo. Inde, nanenso ndimaonera mavidiyo amenewo. Koma onetsetsani bwino: mipikisano yake masiku ano imachitikira m'mabwalo otchingidwa, oonerera ali kuseri kwa zotchinga. Si pa Masauko Chipembere Highway Lachisanu usiku.

Palinso mbali ya mapepala. Kusintha injini yonse kuyenera kudziwika ku Road Traffic kuti zolembedwa zigwirizane ndi zomwe zili pansi pa boneti, ndipo a inshulansi muwauze zomwe mwasintha ngozi isanachitike, osati itachitika. Kukhala ndi COF sikutanthauza kuti mabuleki anu angapirire mphamvu yowirikiza.

Kwa amakaniko athu, omwe ambiri ndi aluso zedi, pempho langa ndi lakuti muziwauza anyamatawa zoona ngakhale ndalama ya turbo ili yokoma. Ndipo kwa anzanga a pa Facebook, ulendo wina munthu akadzaponya chithunzi cha injini yonyezimira, tisadzangothira timoto m'makomenti. Tidzamufunse kuti matayala ake ndi a chaka chanji, ndipo mafuta a mabuleki anasintha liti. Akadzayankha bwino, ameneyo ndiye dolo. Akadzakwiya, musakwere.