Tichotsereni Desiki M'kompyuta

Pali bodza limene lafala m'chigawo chathu chino cha Africa, ndipo limanenedwa mwachifundo. Akuti anthu athu akuvutika ndi makompyuta chifukwa sanaphunzitsidwe. Ndiye mabungwe amakonza maphunziro, amagawa masetifiketi, aphunzitsi ndi anamwino n'kukhala pansi kuloweza kuti fayilo n'chiyani, foda n'chiyani, komanso kuti kalata imene walemba kwa ola lathunthu ikhoza kusowa ngati sunadine batani lakutilakuti. Ine ndikukana. Khasu likamaguluka tsiku ndi tsiku sititumiza mlimi kusukulu, timapita kwa amene anasema mpini.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo womasulira amazindikira msanga chinthu cholumala chifukwa mawu amakana kulowa. Tayesani kuika mawu akuti desktop m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chibemba. Mukati "pamwamba pa desiki" mwamasulira molondola, koma simunathandize aliyense. Mayi wogulitsa usipa mumsika wa Limbe amadziwa masamu, amasunga m'mutu ngongole ya kasitomala aliyense, koma ntchito yake sinakhalepo pa desiki. Chimene chikumutsekereza ndi fanizo lenilenilo.

Fanizoli lili ndi kwawo. Linabadwira ku Palo Alto, ku California, kumalo ofufuzira a kampani ya Xerox, m'zaka za m'ma 1970. Xerox inkagulitsa makina okopera mapepala kumaofesi, choncho pamene inatulutsa kompyuta ya Star mu 1981, inajambula pasikirini zimene kalaliki wa ku America ankaona tsiku lililonse: mapepala, mafoda, makabati ndi mathireyi a makalata olowa ndi otuluka. Apple inafalitsa fanizoli ndi Macintosh mu 1984, Microsoft n'kutsatira ndi Windows. Kwa kalaliki uja linali fanizo lanzeru. Koma padutsa zaka zoposa 40, ndipo mwana wa ku Mzimba kapena ku Chipata akuuzidwabe kuti akafuna kusunga ntchito yake adine kachithunzi ka floppy disk, kanthu kamene Sony inasiya kupanga mu 2011, mwina iye asanabadwe.

Chilema chachiwiri ndi mipanda imene timaitcha mapulogalamu kapena ma app. Munthu amene akuyendetsa maliro a mbale wake ali ndi ntchito imodzi: kudziwitsa abale, kusonkhanitsa chipepeso, kuwerengetsa ndalama za bokosi, ufa ndi galimoto. Foni imaduladula ntchitoyi. Mayina ali mumpanda uwu, mauthenga mu uwo, ndalama mu wina, masamu mu winanso. Namfedwa amasanduka mtengatenga, kukopera nambala apa n'kukaimata apo, misozi ili m'maso. Malire a mipandayi sanatsate ntchito ya munthu. Anatsata malire a makampani, ndipo kampani iliyonse ikufuna kuti ulowere pakhomo pake n'kukhalitsa m'nyumba mwake.

Ena amati palibe njira ina. Ilipo, ndipo ndi yakale. Jef Raskin, amene anayambitsa ntchito yopanga Macintosh mu 1979 n'kuchoka ku Apple kompyutayo isanatuluke, anakonza kompyuta ina, Canon Cat, imene inatuluka mu 1987. Inalibe mafayilo oti uwapatse mayina kapena mapulogalamu oti utsegule. Zolemba zako zonse zinali mumndandanda umodzi wautali. Ukafuna chinthu unkagwira batani la Leap n'kulemba mawu amene ukukumbukira, ndipo inkakufikitsa pomwepo. Ukalemba masamu pakati pa kalata, unkawasankha n'kulamula kuti awerengetsedwe osachoka pakalatapo. Canon inasiya kuigulitsa patangotha miyezi pafupifupi 6, koma palibe amene anganenenso kuti n'zosatheka. Makompyuta a One Laptop per Child, amene Rwanda inagawa m'masukulu a pulayimale, anatenga njira yofanana. M'malo mwa mafoda anali ndi Journal, imene inkasunga yokha chilichonse chimene mwana wachita, motsatira nthawi.

M'buku lake la The Humane Interface, la mu 2000, Raskin anatsindika kuti munthu amachita zinthu mwachizolowezi, ndipo chida chabwino chiyenera kulemekeza zimenezo. Batani lizichita chinthu chomwecho nthawi zonse. Ntchito ya munthu isatayike chifukwa choti waiwala. Funso lofunsa ngati watsimikiza silitchinjiriza aliyense, chifukwa ukaliona kakhumi chala chimavomera chokha maso asanawerenge. Chimene chimatchinjiriza ndi mwayi wobweza zimene wachita.

Izi si nkhani za anthu okhuta a m'maofesi. Taonani mmene timatumizira ndalama pafoni. Dinani 1, dinani 3, lembani nambala, lembani ndalama, lembani nambala yachinsinsi. Ukachedwa, makina amakutaya panja n'kuyambiranso, ngati kuti kuwerenga pang'onopang'ono ndi mlandu. Ukalakwitsa nambala imodzi, ndalama za feteleza zapita kwa munthu wosamudziwa, ndipo kuti zibwerere uyenera kuimbira kampani, kudikira, mwinanso kupempha amene walandirayo kuti akumvere chisoni. Indrani Medhi, pa kafukufuku wake ku Microsoft Research ku Bangalore, anapeza kuti anthu osadziwa bwino kuwerenga amasochera m'mindandanda yokhala ndi nthambi mkati mwa nthambi, koma amayenda bwino akamatsogoleredwa ndi mawu olankhulidwa ndi zithunzi. Izi zakhala zikudziwika kwa zaka zambiri. Tikamapitirizabe kupanga zinthu mwachikale, tisanamizire umbuli wa anthu.

Ndipo anthuwo anayankha kale. Ambiri anasandutsa WhatsApp kukhala kompyuta yawo yonse. Amajambula lisiti, amatumiza uthenga wa mawu m'chilankhulo chawo, amadzitumizira okha zinthu zofunika kuti zisasowe. Khalidweli linafala mpaka kampaniyo inaika njira yodzitumizira uthenga mu 2022. Palibe amene amafunsa kuti chithunzi cha lisiti chili mufoda iti. Amafunsa kuti anatumiza ndani, ndipo linali liti. Umu ndi mmene mtima wa munthu umasungira zinthu: ndi anthu komanso ndi nthawi.

Komabe walira mvula walira matope. WhatsApp ndi mpanda womwewo, waukulu chabe, ndipo mwini wake ndi Meta. Kuphweka pakokha sikutanthauza umunthu. Aza Raskin, mwana wa Jef yemweyo, ndiye amadziwika kuti anayambitsa tsamba losatha lija, limene umangolikoka ndi chala osafika kumapeto, ndipo pambuyo pake ananena poyera kuti akumva chisoni ndi mmene likudyera nthawi ya anthu. Makina atsopano ocheza nawo, amene akutamandidwa masiku ano, tiwayese ndi muyeso womwewu. Kodi akumva chilankhulo changa? Akalakwitsa ndingabweze? Zinthu zanga ndingachoke nazo ndikafuna?

Kwa amisiri achinyamata a ku Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Johannesburg ndikuti: musayambe ndi funso lakuti mupange app yanji. Khalani kaye ndi msungichuma wa banki m'khonde, muone mmene amalembera m'kope mwake, ndipo chimene mupange chikhale chosavuta ngati kopelo, chosataya kanthu magetsi akazima. Kwa mabungwe oyang'anira mabanki ndi makampani a mafoni ndikuti: lamulani kuti wotumiza ndalama akhale ndi mphindi zingapo zobweza yekha asanaimbire aliyense. Kwa omasulira anzanga ndikuti: tisamangolandira mndandanda wa mawu chinthu chitamangidwa kale. Tiziitanidwa poyala maziko, ndipo mawu akakana kulowa m'chilankhulo chathu, tiziwabweza kwa mmisiri n'kumuuza kuti mpini wake ndi wokhota.