Tisadikire matailosi, simenti nayo imakongoletsa nyumba

Miyezi ino imene anthu agulitsa soya, mtedza ndi fodya, Mchinji yense ali pa ntchito yomanga. Mukayenda mumsewu wa M12 kudzera pa Waliranji, pa Kamwendo mpaka pa Boma, mukumana ndi ngolo zodzaza mchenga, njinga zitasenza thumba la simenti pakaliyala, ndi mathiraki olemedwa akutsika kuchokera kuchipata cha Mwami. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, ndipo wanzeru amafulumira kuisandutsa khoma isanathere m'zinthu zina.

Komabe nyumba zambiri zatsopanozi zili ndi vuto lofanana. Malata akuwala, mawindo alowa, chitseko n'cholimba, koma pansi pali dothi lofumbuka kapena konkire yokhakhala imene tsache silingaiyeretse. Mukafunsa, mwininyumba amati akudikira ndalama ya matailosi. Chaka chimatha, china n'kubwera, mwana wobadwira m'nyumbamo mpaka kuyamba sukulu akukwawa ndi kusewera pafumbi lomwelo. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa banja lotere likudikira chinthu chimene silifunika kudikira. Simenti yomweyo imene yamanga khoma ingathe kupereka pansi posalala, pamtundu wokongola, pokhalitsa zaka makumi, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo banja lingaigwire lokha.

Matailosi ndilibe nawo mlandu. Koma ambiri amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha yathu idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene ankasonkhanitsa ndalama ya matailosi adaona ikusungunuka m'manja. Simenti nayo idakwera, inde, koma tikumbukire kuti tailosi siliyalidwa pa dothi. Pansi pake pamafunika konkire ndithu, kenako guluu wake, kenako mmisiri woyala. Amene wasankha kukongoletsa simenti yeniyeniyo wadumpha ndalama zonse zapamwambazo. Ndipo ife a ku Mchinji simenti tili nayo mbali zonse ziwiri: ya Shayona yochokera ku Kasungu, ya Portland Cement ya ku Blantyre, ya Cement Products ya ku Mangochi, komanso ya ku Zambia, monga ya Dangote imene fakitale yake idatsegulidwa pafupi ndi Ndola mu 2015, ndi ya Chilanga imene ilipo kuyambira 1949.

Kukongoletsa pansi pa nyumba si luso lachilendo kwa ife. Amayi athu akhala akuzira nyumba kuyambira kale. Amadziwa dambo la mtsiro wabwino, amadziwa nthawi imene dothi lafika poti likulungidwe ndi nkhulungo mpaka kunyezimira, amadziwa kulemba m'munsi mwa khoma ndi katondo, dothi loyera ndi lakuda. Simenti itafika, lusolo lidangosamukira pa chipangizo chatsopano. Amene adakulira m'nyumba za aphunzitsi, za boma kapena za kumishoni akukumbukira pansi pofiira pa red oxide, popakidwa polishi wa Cobra Loweruka m'mawa, pozizira bwino m'mwezi wa October. Ku Kerala m'dziko la India pansi potere mpaka lero ndi chinthu chonyadira nacho, ndipo amisiri ake amafunidwa. Kuno tidayamba kupayesa chizindikiro cha umphawi popanda chifukwa chomveka.

Nkhaniyi ikukhudzanso thanzi. Mu 2000 boma la chigawo cha Coahuila ku Mexico lidayamba ntchito yotchedwa Piso Firme, yothira konkire m'nyumba zimene pansi pake padali dothi. Boma linkapereka konkire, mabanja n'kuyala okha. Ofufuza atabwera pambuyo pake adapeza kuti ana a m'nyumbazo adachepa kudwala njoka zam'mimba, kutsekula m'mimba ndi kuchepa magazi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: pansi posalala pamakolopeka, pomwe dothi lofumbuka limasunga mazira a njoka zam'mimba, utitiri ndi matekenya.

Tsono ntchitoyo imayenda bwanji? Imayambira pa mchenga. Mchenga wamatope ndiwo umapha simenti yambiri kuno. Kuti muuyese, thirani m'botolo loonekera mkati kufika pakati, onjezani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. M'mawa mchenga ukhala pansi, matope pamwamba pake. Matopewo akayandikira gawo limodzi mwa magawo 10 a mchengawo, utsukeni kapena funani wina. Wa mumtsinje nthawi zambiri umakhala woyera kuposa wokumba kudambo, koma potapa ku Bua kapena ku Rusa tisagumule magombe, ndipo tisakumbe patsinde pa mlatho.

Simenti igulidwe m'thumba lomata bwino la makilogalamu 50. Pathumbapo pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, kusonyeza mphamvu yake, ndipo pa ntchito ya pansi pa nyumba 32.5 ndi yokwanira bola ikhale yopangira konkire, osati yomangira njerwa ndi pulasitala yokha. Mukapeza mibulu yosaphwanyika ndi zala, simentiyo idamwa chinyezi ndipo mphamvu idachoka. Kunyumba isanjikeni pa matabwa, motalikira khoma, ndipo musaisunge kupitirira miyezi itatu.

Poyeza, fosholo isiyeni. Fosholo ya munthu wotopa ndi ya munthu amene wangodya kumene sizinyamula mofanana. Tengani ndowa imodzi, yomweyo iyeze zonse. Konkire ya pansi ikhale ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga, 4 za kwale, yochindikala masentimita 8 mpaka 10. Musanathire, dothi litsenderedwe mpaka kulimba, ndipo muyale pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyezi cha m'nthaka chisakwere dzinja likafika. Pamwamba pa konkireyo pabwere ndowa 1 ya simenti ku ndowa 3 za mchenga wosefa, masentimita 2 kapena 3. Sakanizani zouma kaye pamalo oyera, kutembenuza mpaka mulu wonse ukhale mtundu umodzi, madzi abwere pomaliza. Ndipo sakanizani zokhazo zimene mungamalize kuyala ola lisanathe.

Pa madzi ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma, ngati matope. Si choncho ayi. Imalimba chifukwa ikugwirana ndi madzi pang'onopang'ono, ndipo kugwiranako kumatenga masabata. Posakaniza imafuna madzi ochepa: thumba limodzi malita pafupifupi 25, kutanthauza chigubu chimodzi cha malita 20 ndi pang'ono pamwamba, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetsenso. Waganyu amakonda kuonjeza madzi kuti fosholo ipepuke, koma madzi opitirirawo akadzachoka amasiya timabowo tosaoneka, ndipo ndimo mumayambira ming'alu ndi kufumbuka. Lamulo lake nali: posakaniza umirani madzi, ikagwira musaumire.

Mlimi wa fodya sangavutike kumvetsa gawo lachiwirili, chifukwa simenti yatsopano imafuna chisamaliro cha nazale. Imafuna kuphimbidwa ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yeniyeni imayezedwa pa masiku 28. Mphepo ya mwera mu July ndi dzuwa la October zimaumitsa pamwamba mkati musanagwire, ndiye ntchito ya pakhonde ndi pabwalo ithiridwe m'mamawa kapena chakumadzulo. Pansi pa mtundu ndi bwino kuthirapo madzi oyera okhaokha, popeza masaka akuda ndi udzu zimasiya mawanga. Ngati mjigo uli kutali, konzekeranitu migolo musanatsegule thumba loyamba.

Mtundu umabwera ndi ufa wa oxide, umene umapezeka wofiira, wakuda, wachikasu ndi wobiriwira m'masitolo a zomangira. Pa thumba limodzi la simenti, makilogalamu 2 kapena 3 amakwana, ndipo musapitirire 5, chifukwa ufa wochuluka umafooketsa simenti. Usakanizeni ndi simenti youma mpaka pasaoneke mizere, ndipo muyeso ukhale umodzimodzi nyumba yonse, apo ayi chipinda chimodzi chidzakhala ndi mitundu itatu. Dziwaninso kuti simenti yonyowa imaoneka yakuda kuposa mmene idzakhalire ikauma, choncho yesani kaye pa kachidutswa pakona, muone pakatha sabata.

Cholakwika chofala n'kuwaza simenti youma pamwamba pa madzi amene atuluka, n'kusalaza msanga kuti panyezimire. Tsiku loyamba pamaoneka bwino, koma ndi chikomekome cha mkuyu: pakatha miyezi ingapo kachikopako kamasweka timizere n'kuyamba kusupuka. Dikirani madzi apamwamba aphwe, pafike poti chala chikungosiya kachidindo kochepa, ndiye muyambe kusalaza ndi thabwa, kenako ndi chitsulo chosalazira, kawiri kapena katatu. Mtundu umagwira bwino ukaikidwa tsiku lomwelo, simenti ya pansi idakali yaiwisi. Polishi adikire mwezi wathunthu.

Apa ndi pamene diso la banja limayamba kugwira ntchito. Chingwe cholimba chikokedwe n'kudindidwa pa simenti yaiwisi, chimasiya mizere yooneka ngati matailosi. Chipinda chofiira chikhoza kukhala ndi mkombero wakuda m'mbali mwa khoma. Pakhonde ndi kubafa, pamene posalala kwambiri pangagwetse agogo, kokani burashi kapena tsache lolimba kuti pakhale timizere togwira phazi. Tsamba la papaya kapena la dzungu likadindidwa n'kuchotsedwa bwino limasiya chithunzi chake chonse. Timiyala tosalala ta mumtsinje tingathe kusanjidwa pamwamba, kapena kuonetsedwa potsuka simenti ya pamwamba ndi madzi ndi burashi isanalimbe kwenikweni. Zidutswa za matailosi osweka, zimene ena amataya, zimapanga maluwa okongola pamasitepe. Pamalo aakulu musaiwale kudula mizere yakuya pa mamita 2 kapena 3 alionse. Simenti imafota ikamauma, ndipo mukaipatsa mzere imang'ambikira mumzeremo m'malo mong'amba pakati pa chipinda.

Amene sanagwirepo ntchitoyi asayambire pabalaza. Ayambe ndi timiyala topondapo kuchokera kukhitchini kupita kubafa, toumbidwa m'beseni lakale lopakidwa mafuta, kuti dzinja likadza matope asalowe m'nyumba. Kenako mphika wa maluwa, benchi la pansi pa mtengo wa mango, pochapira. Thumba limodzi limaphunzitsa zambiri. Anthu ambiri muno adazolowera kale chikombole cha mabuloko kuyambira pamene malamulo a 2018 adaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndiye kuumba simenti si chinthu chachilendonso pa Kapiri kapena pa Mkanda. Manja okha asamalidwe: simenti yonyowa imawotcha khungu, choncho magolovesi ndi majombo avalidwe, kansalu kaphimbe mphuno posakaniza youma, ndipo ikagwera m'maso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Malire nawo alipo, ndipo ndikuwanena motsindika. Chilichonse chonyamula katundu kapena chokhala pamwamba pa mitu ya anthu, monga lintala, nsanamira, denga la konkire ndi chivundikiro cha dzenje la chimbudzi, si malo ophunzirirapo. Pamenepo itanani mmisiri wodziwa kumanga zitsulo, ndipo mumulipire moyenera. Ngakhale pansi pa chipinda chachikulu, ndi nzeru kulemba mmisiri mmodzi wosalaza, banja n'kugwira zoyeza, zosakaniza ndi zothirira. Mwininyumba wodziwa muyeso sanamizidwa, ndipo mmisiri wabwino amakondwa kugwira ntchito ndi munthu wotere.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA aphunzitse achinyamata athu kumaliza pansi ndi simenti ya mitundu mwaluso lenileni, ndipo atsikana alowemo ambiri, chifukwa ntchito ya amisiri otere ilipo kuno ndi ku Chipata komwe, ku Zambia. Ndipo inu amene mwagulitsa mbewu chaka chino, ndalama n'kuthera padenga, werengani matumba ochepa amene angamalize chipinda chimodzi chogona ana, mugule ufa wa oxide, muitane apabanja onse. Matailosi mukadzawafuna m'tsogolo adzakhala bwino lomwe pamwamba pa simenti yolimba. Koma ana asagonenso pafumbi dzinja likubwerali.