Ndalama za Odwala Misala Zikhale ndi Dzina Lake

M'dziko la Amereka ntchito yosamala anthu odwala misala ili m'manja mwa maboma a zigawo, zimene zilipo 50, ndipo boma lalikulu la ku Washington limathandizapo ndi ndalama chaka ndi chaka. Mbiri ya thandizo limeneli njofunika kuti akuluakulu a m'maofesi ndi aphunzitsi aidziwe, pakuti ikuonetsa zimene zimachitika udindo ukaperekedwa koma ndalama nkutsalira m'mbuyo.

M'chaka cha 1955 zipatala za misala za m'zigawozo zinali ndi odwala oposa 550,000, ndipo ena anakalambira momwemo osaonanso kwao. Atapezeka mankhwala a chlorpromazine, madokotala anaona kuti odwala ambiri angathe kuthandizidwa ali pakati pa abale awo. Motero pa 31 Okutobala 1963 Pulezidenti John Kennedy anasaina lamulo lopereka ndalama zomangira zipatala zing'onozing'ono kufupi ndi kumene anthu amakhala. Cholinga chinali kumanga 1,500, koma zinamangidwa pafupifupi theka chabe, chonsecho zipatala zazikulu zija zinali zikutulutsa odwala.

Mu 1980 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lina lolimbikitsa ntchitoyi, koma silinakhalitse. Mu 1981 boma la Ronald Reagan linafafaniza mbali yaikulu ya lamulolo, ndipo linaphatikiza ndalama za odwala misala ndi za matenda a uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo m'thumba limodzi loperekedwa ku zigawo. Pophatikizapo ndalamazo zinachepetsedwa.

Ganizo lopereka thumba ku zigawo silinali loipa, popeza amene ali pafupi ndi anthu ndiye adziwa zosowa zawo. Koma chigawo chinalandira ufulu wogawa chuma chimene chinali chitachepa kale, ndipo pogawana zochepa wodwala misala ndiye amatsalira, kaamba koti sangathe kudziyankhulira. Pofika 2016 mabedi m'zipatala za misala za zigawo anali osakwana 40,000. Ambiri amene anasowa thandizo anapezeka akugona m'misewu kapena m'ndende monga za ku Los Angeles ndi Chicago. Kunena zoona ndalama sizinapulumuke, zinangosamukira kwa apolisi, makhoti ndi oyang'anira ndende.

Pambuyo pake boma lalikulu linakonzako zinthu. Mu 1992 linapatula ndalama za matenda a misala kukhala thumba lapadera, ndipo patapita zaka linalamula kuti magawo 10 pa 100 aliwonse a thumbalo azithandiza anthu amene matenda angowayamba kumene, makamaka achinyamata.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno ku Malawi, kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zambiri zaumoyo zinaperekedwa ku makhonsolo, amene amalandira ndalama kuchokera ku boma lalikulu. Bwana wa zaumoyo pa boma akakhala ndi malungo, amayi oyembekezera ndi mafuta a ambulansi patsogolo pake, mankhwala a misala ndi khunyu saoneka ngati achangu. Tsono wodwala amene anachira ku chipatala cha misala cha Zomba, chimene chinatsegulidwa mu 1953, akabwerera kumudzi nakapeza mankhwala kulibe pa chipatala chaching'ono, matenda amayambiranso, ndipo boma limalipira kawiri.

Nchifukwa chake ife tikuti ndalama za ntchitoyi zikhale ndi dzina lake m'ndondomeko ya chuma ya khonsolo iliyonse, ndipo zisapatutsidwe. Zikhale zogulira mankhwala ndi zoyendera anamwino a misala kuti azifika m'zipatala za kumidzi pa masiku odziwika. Pakutha pa chaka khonsolo ifotokoze odwala amene anaonedwa ndiponso miyezi imene mankhwala anasowa.

Inunso aphunzitsi muli ndi mbali yanu. Mwana amene wayamba kudzipatula, kuyankhula yekha kapena kugwa khunyu mumamuona msanga kuposa dokotala. Uzani makolo kuti matendawa ali ndi mankhwala, ndipo afunseni makhansala anu ngati mankhwalawo afika pa chipatala cha kwanu.