Pulagi sithyoka yokha

Mwezi wathawu mlamu wanga, amene amachita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Liwonde ndi Ntaja, anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Njinga inali ikutsokomola pokwera chitunda, tsono anapatukira pa kagalaja kena ka pansi pa mtengo kuti amusinthire pulagi. Mwini galaja anali atachokapo. Mnyamata wophunzira ntchito anatenga sipanala, naikokera paipi kuti mphamvu ichuluke, nayamba kukoka injini ikadali yotentha moti sungaikepo dzanja. Kunangomveka kuti thyo! Mutu wa pulagi unatsala m'sipanala, tsinde lake linatsala m'hedi.

"Alamu, njinga ndi ya eni ake iyi, Loweruka ndikapereka chiyani?" Funso lake linali limenelo.

Ine ndati ndilankhulepo chifukwa ambiri tikaona zotere timathamangira kunena kuti ndi tsoka, ena mpaka kuloza chala anzawo a pa siteji kuti awachita chipongwe cha mankhwala. Ayi abale, palibe wakulodzani. Hedi ya njinga zimenezi, ngakhalenso ya magalimoto ambiri a masiku ano, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa, pamene pulagi ndi ya chitsulo cholimba. Ziwirizi zikatentha sizifufuma mofanana. Mukamasula injini ili moto, mazinga a m'hedi, aja amakaniko amati mathiredi, amakanirira ku pulagi n'kutuluka nayo limodzi, apo ayi pulagiyo imaduka. Onjezanipo fumbi, dzimbiri ndi mwaye wa zaka ziwiri pulagi isanamasulidwepo, ndiye kuti mwamaliza.

Koma vuto lenileni limayamba tsiku lomanga, osati lomasula. Kuno kwathu timakhulupirira kuti chomanga bwino ndi chomwe wamanga mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Kampani ya NGK, yomwe mapulagi ake tonse timawadziwa, imanena poyera muyeso wake pa hedi ya aluminiyamu: pulagi ya mamilimita 14 imangidwe pakati pa 25 ndi 30 Nm, ya mamilimita 12 pakati pa 15 ndi 20, ya mamilimita 10 pakati pa 10 ndi 12 basi. Imeneyo ndi mphamvu yochepa zedi, mwana wa sitandade 8 angaikwanitse ndi dzanja limodzi. Wopanda sipanala yoyezera alowetse pulagi ndi zala mpaka ikhale pansi, kenaka aipotoze pafupifupi theka la mzungulo ngati ili yatsopano. Ngati ili yakale, washala yake inaphwatalala kale, ingofunika kuigwedeza pang'ono chabe. Ndipo ikakana kulowa ndi zala ndiye kuti yalowa chopendekera, itulutseni muyambirenso. Kodi paipi ikufunika pati pamenepa?

Tibwerere kwa mlamu wanga. Mwini galaja atafika anakalipira mnyamata uja, kenaka iye mwini anatenga tchizulo ndi hamala. Chitsinde chija chinatuluka inde, koma pamodzi ndi mazinga onse. Anakulunga pulagi yatsopano ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, napakapo guluu wa zitsulo, nati, "Pitani achimwene, imeneyi ndi mpaka Yesu adzabwere." Tsiku lachiwiri, akuchokera ku Ntaja atanyamula mayi wina ndi thumba la mpunga, pulagi inafwamphuka ngati chipolopolo. Mwayi wake inapita kumbali osamuboola mwendo.

Chonsecho njira yoyenera ilipo ndipo si yachilendo. Injini izizire kaye. Upemerere fumbi lonse lozungulira bowo, uthire mafuta omasulira dzimbiri, uwasiye alowerere ngakhale usiku wonse. Zidutswa za dothi loyera lija la pulagi zichotsedwe mosamala, pakuti kachidutswa kamodzi kakagwera m'kati kamakanda silinda ndi kuwononga mavavu. Kenaka pamalowa kachitsulo ka mazinga obwerera kumanzere, kamene ukamapotoza kamaluma chitsindecho n'kutuluka nacho. Mazinga akakhala kuti aphwanyika pang'ono, pali chida chongowawongola. Akatheratu, bowo limakuzidwa pang'ono, nadulamo mazinga atsopano, n'kulowetsamo kawaya kopota kotchedwa Helicoil kapena kabushi kachitsulo, ndipo pulagi ya saizi yomwe ija imakhalanso bwinobwino. Ena amachita izi hedi ili pomwepo, atapaka girizi pa chodulira kuti tizitsulo timatirire. Ine ndimati pa njinga ya silinda imodzi, chotsani hedi. Mtengo wa gasiketi ndi wochepa poyerekeza ndi pisitoni.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife osauka tokha. Ku America, injini za Ford za malita 5.4 za pakati pa 2004 ndi 2008 zinatchuka ndi kuthyola mapulagi pomasula, mpaka kampaniyo inatulutsa malangizo apadera kwa amakaniko ndipo kunapangidwa chida cha ntchito imeneyi yokha. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko vuto atalizindikira analipangira chida. Ife tikadali pa hamala.

Apa ndiye ndikufuna a malonda mundimve. Ndinayenda m'mashopu a sipeya pa Liwonde, ndinakwera minibasi mpaka pa Balaka, kufunsa kabokosi ka Helicoil. Ena anandiyang'ana ngati ndikulankhula Chigiriki. Magalasi, timagetsi tothwanima, mahutala olira ngati ambulansi, zonsezo mbwee, koma chida chopulumutsa hedi osachiona. Mapeto ake hedi ija ndinaikulunga m'jumbo n'kupita nayo ku Limbe, kumene bambo wina wachikulire anaikonza ine ndikumwa tiyi, tiyiyo asanazizire n'komwe. Ndi njinga zonse zadzaza m'misewu ya Machinga ndi Balaka masiku ano, kodi palibe wamalonda mmodzi woona kuti pamenepa pali ndalama? Ngakhale amakaniko asanu a pa siteji imodzi atasonkherana n'kugula kabokosi kamodzi ndi sipanala imodzi yoyezera, bwenzi zikubweza ndalama yawo msanga.

Eni njingafe nafenso tisadziyeretse. Ndife timaima pamutu pa makaniko n'kumati, "Fulumirani madala, pasinjala akudikira." Ndife timasankha pulagi yotchipitsitsa, ya dzina lolembedwa mokhota, chitsulo chake chonga cha chitini. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife mphindi 30 zoti injini izizire timaziona ngati chaka.

Mnyamata uja sindimuda kwenikweni. Anachita zomwe amaona abwana ake akuchita. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi masukulu onga Nasawa Technical College ku Zomba, atatiganizira n'kumafika pansi pa mitengo pomwepo ndi maphunziro a masiku awiri kapena atatu, chifukwa anyamata ogwira njinga zathu ambiri sadzalowa m'kalasi. Ndipo inu ophunzira amene mumaseka wovala ovolosi ya girizi, dziwani kuti bambo wa ku Limbe uja ndalama yomwe anandilipiritsa pa kanthawi kaja, mlamu wanga amaithamangira tsiku lathunthu pa dzuwa la ku Liwonde.

Njinga inakhala masiku 9 osayenda. Mwini wake sanafune kumva za pulagi, ndalama yake ya sabata anaifuna yonse, ndipo tinachita kukongola kwa apongozi. Dzana ndinadutsa pa kagalaja kaja. Mnyamata uja anali atawerama pa njinga ina, paipi yake ili m'manja.