Mbande zisanafike, anthu adziwe mwini mtengo

Munthu wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo akamva pa wailesi kuti boma likubzala mitengo m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Beira ndi ku Quelimane, amangoti imeneyo ndi nkhani ya anthu a kugombe. Sakulakwa kwenikweni. Mitengo imene pa Chipwitikizi amaitcha mangal siingamere kuno kumapiri, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimawaula masamba a mbatata. Koma lamulo limene likuvutitsa anthu a kugombe pa nkhani ya mitengo imeneyi ndi lomwelo limene lakhala pa kasupe wa mudzi wa ku Tsangano ndi pa dimba la mlimi wa ku Macanga. Choncho nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa mbande zina zisanatsitsidwe pa bwalo la amfumu.

Mangal ndi nkhalango yomera m'matope, pamene madzi a mtsinje amakumana ndi madzi a mchere. Mizu yake imalukana ngati nkhokwe, imagwira dothi, imafooketsa mafunde, ndipo nsomba ndi nkhanu zimaswana m'menemo. Dziko la Moçambique lili ndi nkhalango yotere yokwana mahekitala pafupifupi 300,000, ndipo gawo lalikulu lili kumathiriro a mtsinje wa Zambezi. Anthu akhala akuidula chifukwa cha makala, milimo ya nyumba, malo ophikira mchere ndi malo omangapo. Namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira m'mwezi wa Malichi 2019, akuluakulu adazindikira kuti mpanda umene Mulungu adaika pakati pa nyanja ndi anthu udali utagumulidwa m'malo ambiri. Chaka chotsatira, mu 2020, boma lidavomereza ndondomeko ya kasamalidwe ka mangal ya zaka za 2020 mpaka 2024, ndipo lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 5,000.

Kubzala ndiye kosavuta. Ana asukulu amabwera, mbendera imakwezedwa, zithunzi zimajambulidwa. Vuto limayamba alendo akapita. Lamulo la malo la chaka cha 1997, nambala 19/97, lidati mamita 100 kuchokera pamene madzi a nyanja amalekezera akadzadza ndi malo otetezedwa. Pa malo otere munthu sangatenge DUAT, chikalata chija chotsimikiza kuti malo akugwiritsidwa ntchito ndi uje. Chimene chingaperekedwe ndi chilolezo chapadera basi. Tsono msodzi amene wabzala mitengo m'matope, naiyang'anira zaka khumi, alibe pepala loti nkuonetsa tsiku limene wina adzafika ndi nkhwangwa, kapena kampani idzafika ndi chilolezo chochokera ku Maputo. Mtengo wa boma, amatero anthu. Ndipo aliyense amadziwa zimene zimachitikira chinthu chimene chimatchedwa cha boma pamene mlonda wa boma ali kutali makilomita makumi asanu ndipo njinga yake yamoto ilibe petulo.

Tsopano lamulo lomwelo liwerengedwe ndi maso a munthu wa kumalire. Ndime imene idateteza gombe la nyanja idatetezanso mamita 100 kuzungulira kasupe aliyense. Idatetezanso makilomita awiri m'mbali monse mwa malire a dziko. Makilomita awiri! Aliyense wodziwa msewu wa ku Biriwiri ndi msika wa Lizulu akudziwa kuti m'kati mwa makilomita awiri amenewo muli midzi, manda, matchalitchi, minda ya kachewere ndi tirigu. Anthu adakhalamo kuyambira kale, adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo adabwerera pa mabwinja awo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Palibe amene akuwathamangitsa, ndipo sikuti nkhani ino ikuopseza munthu. Koma pa pepala, malo awo ali m'gulu limodzi ndi matope a ku Chinde. Mlimi amene angauzidwe kuti asiye kulima pa mutu wa mtsinje ndi kubzalapo mitengo ali ndi ufulu wofunsa kuti mitengoyo ikadzakula idzakhala ya yani.

Za mitsinje nazo zili ndi kampata. Malamulo otsatira a chaka cha 1998 adateteza mamita 50 m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja zimene mumayenda mabwato. Timitsinje ta ku Tsangano ndi ku Furancungo simuyenda bwato, mwana amadumpha m'chilimwe. Komatu ndi timeneti timene timadyetsa mitsinje yaikulu, ndipo ndi m'mbali mwa timeneti mmene khasu lafika mpaka m'madzi.

Madzi ambiri a mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga amathera mu Revúbuè, ndipo Revúbuè amathira mu Zambezi pa mzinda wa Tete, kumunsi kwa damu la Cahora Bassa. Palibe chipupa china chowaimitsa mpaka kunyanja. M'mwezi wa Malichi 2019 mtsinjewu udasefukira usiku n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi ndi ku Matundo. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe wa Ana, udagumula mlatho wopita ku Moatize, ndipo udakokolola galimoto imene mudali mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, amene adataya moyo ali pa ntchito yoona za chigumulacho. Kunena kuti mitengo ikadaletsa zonsezi ndi bodza. Mvula ya namondwe ndi yaikulu kuposa nkhalango iliyonse, ndipo akatswiri a zanyengo akuti pamene dziko likutentha, mvula yamphamvu chotere izibwera kawirikawiri. Chimene mitengo imachita ndi kuchedwetsa madzi, kuwalowetsa pansi, ndi kugwira dothi kuti lisapite. Phindu loyamba silipita kwa anthu a ku Tete ayi. Limatsala kwa mwini munda amene sakuonanso chigwembe chikudya mizere yake chaka ndi chaka, ndi kwa mayi amene chitsime chake sichikuphwa mu Okutobala.

Ntchito yobzala si yachilendo kuno. M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kudali mfuu yakuti mwana wasukulu aliyense abzale mtengo ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango. Mafumu ena nkhalango zawo zilipo mpaka lero, ndipo ayenera kuyamikidwa. M'midzi ina chidatsala ndi chikwangwani chokha. Kusiyana kwake sikudali pa mtundu wa mbande kapena kuchuluka kwa mvula. Kumene anthu adagwirizana malire, nadziwa amene adzadula milimo, amene adzatola nkhuni ndi chindapusa cha wotentha tchire, mitengo idakula. Kumene mbande zidangotsitsidwa pa lole, mbuzi zidadya.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo la 1997 lili ndi mbali yabwino imene anthu ambiri a m'midzi sadaiuzidwe bwino. Lidati malo onse ndi a boma ndipo sagulitsidwa, inde, koma lidatinso mudzi umene wakhala pa malo motsata mwambo uli nawo kale ufulu, ngakhale wopanda pepala. Munthu amene walima malo mwachilungamo kwa zaka khumi alinso ndi ufulu. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Mlendo wofuna malo ayenera kuyamba wakhala pansi ndi eni mudzi. Ndipo mudzi ungathe kupempha kuti malire ake ayendedwe, ajambulidwe ndi kulembedwa m'kaundula, pamodzi ndi nkhalango zake, madambo ndi msitu wa kumanda. Ntchito yoyenda malire imeneyi ndiyo iyenera kutsogola. Ndi yotopetsa, imadzutsa mikangano yakale ya pakati pa anyakwawa, ndipo siioneka bwino pa chithunzi. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amailumpha n'kuthamangira ku nazale.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo apa m'pofunika kutsegula maso. Chigawo cha Tete ndicho chidayamba kuonetsa dziko lonse kuti anthu angadye nawo za m'tchire lawo, pamene ntchito ya Tchuma Tchato idayamba ku Mágoè m'zaka za m'ma 1990. Pambuyo pake lamulo la nkhalango la 1999 ndi chikalata cha unduna cha 2005 zidakhazikitsa kuti pa ndalama za msonkho wa odula mitengo, 20 pa 100 iliyonse izibwerera kwa anthu a dera limene mitengoyo yadulidwa. Koma kuti ndalamayo ifike, mudzi umayenera kukhala ndi komiti yodziwika ku boma ndi buku la ku banki. Midzi ingati ya ku Macanga, kumene malole a matabwa ndi makala akhala akutuluka, imene ingaonetse buku limenelo? Lamulo latsopano la nkhalango lidavomerezedwa kumapeto kwa 2023, ndipo ntchito yokonzanso malamulo a malo idabala ndondomeko yatsopano mu 2022. Zonsezi zidalembedwa m'Chipwitikizi cha maloya. Mpaka zitafotokozedwa m'chinenero cha anthu, pa wailesi ya m'dera ndi pa bwalo, kwa mlimi zili ngati sizidalembedwe.

Kugombe kwabweranso malonda atsopano, ogulitsa mpweya. Mitengo imamwa mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko, ndipo maiko olemera amalipira amene akusunga nkhalango. Si nthano ayi. Mu 2021 dziko la Moçambique lidakhala loyamba kulandira malipiro otere kuchokera ku thumba loyendetsedwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, madola 6.4 miliyoni, chifukwa chochepetsa kudula mitengo m'maboma asanu ndi anayi a ku Zambézia. Makampani akunja nawo asaina mapangano obzala mangal ku Zambézia ndi ku Sofala ndi cholinga chomwecho. Koma lamulo la 2018 lidati mwini wa mpweya wosungidwawo ndi boma, ndipo gawo la anthu limadalira pangano la kagawidwe. Tsiku lina anthu a zipewa zoyera adzafika ku Furancungo ndi nkhani yomweyi. Mafumu asadzasaine chifukwa cha fanta ndi malaya. Afunse kuti pangano ndi la zaka zingati, nkhuni azitola kuti, ng'ombe zizidya kuti, ndalama idzafika liti ndipo m'manja mwa yani. Akulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ena adzati zonsezi ndi kuchedwetsa ntchito pamene mapiri akuyera. Ali ndi mfundo. Zigafa za fodya ku Macanga zimafuna milimo chaka chilichonse, makala ali ndi msika mbali zonse ziwiri za malire, ndipo mvula siidikira kuti komiti ikhale pansi. Enanso adzati boma lingoletsa kulima m'mbali mwa mitsinje, wolakwa amangidwe. Amene akunena zimenezi sadadyepo nsima ya ndalama ya kabichi ndi tomato wa kudimba m'mwezi wa Novembala. Dimba ndilo limapulumutsa mabanja pamene nkhokwe yatha. Kuletsa dimba ndi kuitana njala, ndipo lamulo loitana njala anthu amaliphwanya usiku.

Njira yotheka ndi ya pakati, ndipo iyenera kulembedwa. Mudzi ugwirizane kuti pa mutu wa kasupe pasafike khasu kapena moto. M'mbali mwa kamtsinje musiyidwe kamzere ka mapazi owerengeka, malinga ndi kutsetsereka kwa malo, mmene mukhale bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope, osati bulugamu amene amamwa madzi ngati ng'ombe. Mwini dimba akhale mwini wa nsungwi ndi udzu wa pa kamzere kake, azidula mosamala, ndipo zimenezi zidziwike pamaso pa nyakwawa ndi a ofesi ya zaulimi ya pa boma. Pa malo amene lamulo sililola DUAT, monga pa akasupe ndi m'makilomita awiri a m'malire, akuluakulu a chigawo apeze njira yopereka chilolezo chapadera kwa mudzi wonse, chotchula dzina la komiti ndi zimene anthu aloledwa kutengamo.

Pali phunziro linanso lochokera kumatope a kunyanja. Akatswiri a mangal adaona m'maiko ambiri kuti mbande zobzalidwa pa malo olakwika zimafa zambirimbiri, pamene malo amene angotsegulidwa njira ya madzi n'kusiyidwa osadulidwa amadzimerera okha. Nkhalango ya mombo ndi masuku ya kuno ilinso chimodzimodzi. Zitsa zake sizifa msanga. Phiri likatetezedwa ku moto wa mu Seputembala ndi ku nkhwangwa kwa zaka zochepa, mphukira zimabwerera popanda kugula thumba ngakhale limodzi la mbande. Ndalama imene ikadapita ku nazale ingathe kulipira oyenda malire, kulembetsa komiti ndi kutsegula buku la ku banki, ndipo yotsala igule njinga ya mlonda amene mudzi wadzisankhira wokha.